Burj Khalifa imaima bwanji pamchenga, nanga mphepo?

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera pa imelo kufunsa kuti: "Akuti Burj Khalifa ya ku Dubai ndi yaitali mamita 828. Kodi siititimira mumchenga? Nanga mphepo ikawomba sigwa?"

Zikomo kwambiri pa funsoli. Kutitimira kulipo, koma chimene chimasowetsa tulo mainjiniya pa nyumba yotere ndi mphepo.

Tiyambe ndi pansi. Nthaka ya ku Dubai ilibe thanthwe lolimba pafupi, choncho pomwe ntchito inayamba mu 2004 anaboola maenje oposa 190, lililonse mamita 1.5 m'lifupi, kuzama kuposa mamita 40, n'kuthiramo konkire ndi zitsulo. Mizati imeneyi sinakhale pamwala ayi, imagwira chifukwa nthaka imaikanikiza m'mbali monse. Pamwamba pake anayala chikonkire chimodzi chochindikala mamita 3.7. Madzi apansi kumeneko ali ndi mchere wambiri umene umadya zitsulo, ndiye anasakaniza konkire yosalowa madzi msanga, n'kuikanso njira ya magetsi yoletsa dzimbiri.

Tsopano mphepo. Ikawomba nyumba yofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, imapanga tikamvuluvulu kumbuyo kwake, kumanzere kenako kumanja, mosinthanasinthana. Kusinthana kumeneku kukagwirizana ndi mmene nyumbayo imagwedezekera mwachibadwa, kugwedezekako kumangokulirakulira. Wojambula mapulani Adrian Smith ndi injiniya Bill Baker, amene panthawiyo anali a kampani ya SOM ku Chicago, anathana nazo ndi maonekedwe enieni a nyumbayo. Mukaiona kuchokera kumwamba ili ngati chilembo cha Y: pakati pali chipilala cha mbali 6, ndipo mapiko atatu amachichirikiza, moti mphepo ikakankha phiko limodzi, ena awiriwo amalichirikiza. Mapikowa amafupika mosinthana nyumba ikamakwera, choncho m'lifupi mwake mumasintha pafupipafupi, ndipo tikamvuluvulu tija sitipeza mpata wogundira pamodzi. Atayesa kachifanizo kake m'chipinda chopemerera mphepo cha kampani ya RWDI ku Canada, anafika potembenuza nyumba yonse pamapulani kuti mphuno ya phiko lake limodzi iloze kumene mphepo yamphamvu imachokera. Kwa ife apa ndi pamene pali luso lenileni, kuposa kutalikako. Imagwedezekabe ndithu, pafupifupi mamita 1.5 kunsonga, ndipo anaipanga dala kuti izitero.

Pomanga, a kampani ya Samsung C&T ndi anzawo a Besix ndi Arabtec anapopa konkire mpaka mamita oposa 600. M'nyengo yotentha ankathira usiku ataisakaniza ndi madzi oundana, chifukwa konkire yotentha imalimba ili m'mapaipi, kapena imang'aluka ikamauma.

Pali vuto lina limene anthu ambiri saliganizira. Konkire ikasenza katundu imafupika pang'onopang'ono kwa zaka. Chipilala chowonda chimafupika msanga kuposa khoma lochindikala, ndipo zikatero pansi pamapendekeka, makoma a m'zipinda n'kuyamba ming'alu. N'chifukwa chake anafananitsa kuchindikala kwa zipilala zakunja ndi makoma amkati, komanso nsanjika iliyonse ankaimanga mokwererapo pang'ono kuti ikadzatsika idzafike pamlingo wake.

Konkire inalekeza pa nsanjika ya 156. Kuchokera apo ndi zitsulo, ndipo nsonga yake anailumikizira mkati mwa nyumbayo n'kuikweza ndi majeke. Anaitsegulira pa 4 Januwale 2010.