Ku Likoma musadere nkhawa za ndiwo

Achemwali, mwafunsa ngati popita ku Likoma ndi ana mu Disembala muyenera kunyamula zakudya kuchokera ku Lilongwe. Ine ndinakhalako milungu itatu kwa azakhali anga, ndiye ndikuuzeni zimene ndinaona.

Nthaka ya pachilumbapo ndi yamiyala ndi mchenga, chimanga sichichita bwino. Ufa, shuga, mafuta ophikira ndi masamba ambiri zimabwera pa Ilala kapena pa maboti ochokera ku Nkhata Bay, zina zimawoloka kuchokera ku Cobue, tsidya la Mozambique limene mumalionera pagombe pomwepo. N'chifukwa chake zinthu za m'golosale zimakwerako mtengo. Sitima ikangofika msika wa ku Mbamba umadzaza, pakapita masiku angapo mupeza kabichi atafota. Choncho mkaka wa mwana, majarini ndi tina timene ana anu anazolowera, tengani. Koma ndiwo musavutike nazo.

Usiku mukayang'ana panyanja muona nyali zili ngwee ngati mudzi wayandama. Amenewo ndi asodzi a usipa. Lawirani kugombe dzuwa lisanatuluke, mbale m'manja, mukagule usipa wauwisi ukadali kunyezimira. Azakhali ankangowutsuka, kuthira mchere, kukazinga ndi tomato mmodzi, basi. Usipa wouma umene timagula m'tauni muno sufikako olo pang'ono. Muonenso mwezi: ukakhala kuti ukuwala kwambiri, usipa sutsata nyali, ndiye umachepa ndipo mtengo umakwera. Masiku otero funsani utaka kapena kampango wowamba. Kampangoyo mumphike ndi nsinjiro, mudzandikumbuka.

Nsima ya kumeneko ndi kondowole. Chinangwa amachiviika m'madzi masiku angapo, kuchiyanika pamiyala mpaka kuyera mbee, kenako kusinja. Kuphika kwake kumafuna mphamvu. Ndinaona azakhali atapanira mphika ndi mapazi pansi, manja onse awiri ali pamthiko, thukuta lili kamukamu. Imatamuka, imanunkhira mowawasa pang'ono, ndipo simuitafuna, mumangoviika m'msuzi n'kumeza. Ana akhoza kuikana tsiku loyamba, musawakakamize, mpunga umapezeka. Koma inuyo muilawe ndi chigwada chotendera.

Malo ogona alendo amaphika bwino, sindikutsutsa, koma zambiri ndi zimene mungadye kulikonse. Chimandiwawa ndikaona munthu wayenda ulendo wonsewo n'kubwerako atadya tchipisi ndi nkhuku zokhazokha. Tsiku limodzi lokha lowani m'kalesitilanti ka ku Mbamba, kapena pemphani amayi a pamudzi akuphikireni, muwalipire bwino.

Mwasankhanso nyengo yabwino, chifukwa Disembala mango amakhala mbwee, ana akadya mpaka kukana. Mukapita kukaona tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela, chimene a Anglican anayamba kumanga mu 1903, nyamulani madzi akumwa ndi ndalama zam'manja zogulira zitumbuwa m'njira, chifukwa dzuwa la kumeneko limawotcha kuyambira m'mawa.