Kodi Nyanja ya Malawi ili ndi "coast"?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Nkhotakota. Wophunzira wanga analemba kuti kwawo ndi "on the coast of Lake Malawi", ine n'kumuuza kuti walakwitsa, koma atandifunsa chifukwa chake ndinasowa chonena. Kodi mawu akuti "coast", "shore", "beach" ndi "bank" amasiyana bwanji, nanga m'Chichewa tingawanene motani?

Yankho: Aphunzitsi, munachita bwino kumuwongolera mwanayo, ngakhale kuti sindikumudabwa, chifukwa chimene chinamusokoneza ndi Chichewa chathu chomwe. Ife mawu akuti nyanja timatchulira Chilwa, Malombe ndi Nyanja ya Malawi, ndipo ndi omwewonso timatchulira madzi aakulu amene ali ku Beira, kungowonjezerapo kuti yamchere. Chingerezi chimasiyanitsa madzi awiriwa, ndipo kusiyana kwake kumafika mpaka pa dzina la mtunda umene wawazungulira.

"Coast" ndi chigawo cha dziko chimene chachita malire ndi nyanja yamchere, monga momwe chimaonekera pa mapu. Dziko la Mozambique lili nayo yotalika makilomita opitirira 2,000, ndipo n'kumene kuli madoko a Beira ndi Nacala amene katundu wambiri wobwera kuno amatsikira. Dziko la Ghana linkatchedwa Gold Coast kufikira pamene linalandira ufulu mu 1957. Malawi alibe "coast" chifukwa sanakhudze nyanja yamchere.

Amene mwanayo ankafuna ndi mawu akuti "shore", amene amatanthauza pamene madzi akumana ndi mtunda, kaya madziwo ndi amchere kapena ayi. Akanalemba kuti "on the shores of Lake Malawi", ndipo n'chifukwa chakenso msewu wa M5, umene umadutsa ku Salima ndi kwanu ku Nkhotakotako kulowera ku Nkhata Bay, umatchedwa Lakeshore Road. "Beach" ndi gawo lokhalo la "shore" limene lili ndi mchenga kapena timiyala, monga ku Senga Bay. Pamene matanthwe atsetserekera m'madzi, monga m'malo ena a ku Nkhata Bay, mawuwa sagwira. "Bank" ndi ya mitsinje, monga Bua ndi Shire, ndipo mawu akuti banki amene tinabwereka ife ku Chingerezi amanena malo osungirako ndalama okha.

M'Chichewa, mawu oyandikira kwambiri ndi gombe, ndipo sasankha madzi: pali gombe la nyanja, palinso gombe la mtsinje. Komabe pokamba nkhani anthu ambiri amangoti m'mphepete mwa nyanja kapena m'mbali mwa mtsinje, ndipo womasulira asachite manyazi kulemba mawu atatu pamene Chingerezi chalemba amodzi.

Pamene ndikufuna kuti muwachenjeze ophunzira anu ndi pa "beach". Mlendo wochokera ku Lilongwe akaona mchenga amaona malo osambira ndi kupumulirapo, ndipo achinyamata am'tauni amati akupita kubichi, zimene sindikuziletsa pocheza ngakhale sindingazilembe m'kalata ya kuofesi. Mwana wa msodzi akaona mchenga womwewo amaona doko, pamene mabwato amakocheza m'bandakucha, amayi atandandalika ndi mabeseni awo kudikira usipa, anyamata akuyala makoka kuti aume. Doko silitchula mchenga koma ntchito imene imachitika pamalopo, kotero kuti pamene Ilala imaima ku Monkey Bay ndi doko, ndipo pamene bwato limawolotsera anthu pa mtsinje ndi dokonso. Nkhani ya Chingerezi ikanena za asodzi amene asonkhana pa "beach", Chichewa chabwino n'chakuti asonkhana padoko; ikanena za alendo amene akuwothera dzuwa, tinene kuti ali pamchenga kunyanja.

Tilinso ndi mawu akuti tsidya, amene Chingerezi chimachita kuwazungulira. Tsidya limadalira pamene wolankhula waima: munthu wa ku Nkhotakota akati tsidya lino akunena kwawo, akati tsidya linalo akuloza ku Mozambique. Koma akati mwana wake ali kutsidya kwa nyanja, kawirikawiri sakunena za nyanja yathuyi ayi, akunena maiko akutali monga Britain, ndipo wophunzira womasulira chiganizo chotere alembe "overseas", osati "on the other shore".