Kwa amama a mpunga ku Chibavi: K200,000 yotsatsira malonda ilowere kuti?

Amama, mwati mumagulitsa mpunga wa Kilombero ndi uchi ku Chibavi, mwasunga K200,000 yoti mutsatsire malonda, ndipo mukufunsa ngati muipereke kwa mnyamata wanthabwala wa pa TikTok kuti akupangireni kavidiyo, kapena ipite ku wailesi, kapena mulipire Facebook. Ine ndikuti ndalamayi musaiponye malo amodzi, ndipo wanthabwalayo ayambe wadikira.

Mzuzu ndi mzinda waung'ono. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kuno tinalipo anthu opitirira pang'ono 220,000, pamene Lilongwe inali pafupi kukwana miliyoni ndipo Blantyre inali ndi 800,000. Munthu akatchuka pa intaneti m'dziko muno, kawirikawiri omutsatira ake amachuluka m'mizinda iwiri ija, ena ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Adzaseka ndithu, adzatumizirana kavidiyoko, koma sadzabwera ku Chibavi kudzanyamula thumba la makilogalamu 5. Musanalipire aliyense, mupempheni atsegule foni yake pamaso panu akuonetseni komwe omutsatira amakhala. Ngati alinso pa Facebook, tsamba la kumeneko limamuonetsa mwini wake mizinda imeneyi. Ngati Mzuzu sikuoneka pamwamba, ndiye kuti mukugula maso a anthu amene sangakugulireni kanthu. Vuto lina ndi loti nthabwala ikakoma kwambiri anthu amakumbukira nthabwalayo, dzina la shopu n'kuiwalika. Tsiku lina mukadzafuna kuyesa njira imeneyi, pezani wa konkuno, mugwirizane polemba kuti mtengo, malo ndi nambala yanu zitchulidwe pakamwa m'kavidiyomo, ndipo theka la ndalama mudzapereke ntchito ikatuluka.

Makampani akuluakulu timawasirira pa zikwangwani zawo, koma chimene chimawathandiza kwenikweni ndi kusatopa. TNM inayamba kuthandiza Super League mu 2007, ndipo kwa zaka zambirimbiri dzina lake linkatchulidwa pa wailesi Loweruka ndi Lamulungu lililonse la mpira. Airtel inabweretsa chikho cha Top 8 mu 2017 ndi nzeru yomweyo. Bungwe la zaumoyo la PSI linayamba kugulitsa makondomu a Chishango mu 1994 n'kulimbikira dzina limodzi mpaka aliyense analidziwa. Inu mulibe ndalama zawo, koma kunena chinthu chimodzi mobwerezabwereza kwa miyezi yambiri sikufuna ndalama zochuluka.

Ndiye chinthu chimodzicho n'chiyani? Apa ndi pamene ndikufuna mukhalepo nthawi. Munthu akamagula Kilombero amaopa chinthu chimodzi: kuti amusakanizira ndi mpunga wina wotchipa, pamwamba pokha n'kuikapo wonunkhira. Wogula uchi amaopa kuti athiramo shuga. Aliyense mu Mzuzu muno anapsapo kapena amadziwa wina amene anapsa. Choncho uthenga wanu usakhale wakuti "mpunga wabwino pamtengo wabwino", chifukwa aliyense mumsika akunena zomwezo. Ukhale lonjezo loti munthu angathe kukugwirani nalo: mpunga wosasakaniza, mukauphika n'kupeza wosakaniza bwerani nawo mudzatenge ndalama zanu. Lonjezo limeneli lilembedwe pa thumba, pa chikwangwani, pa status ya WhatsApp, ndipo litchulidwe pa wailesi ndi mawu omwewo osasintha. Koma mulipereke pokhapokha ngati mukudziwa bwino kumene mumapikula. Mumzinda waung'ono ngati uno, mukakana kubweza ndalama kwa munthu mmodzi, mawa lake Chiputula ndi Zolozolo zamva kale.

Tengerani phunziro pa Mzuzu Coffee. Khofi ameneyu amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a kumapiri monga ku Misuku ndi ku Phoka, ndipo dzina la dera ndi limene limamuyendetsa mpaka kunja. Mpunga wanu nawo uli ndi kwawo, ku Karonga. Mukapita kukapikula, jambulani ndi foni yanu: dimba, chigayo chopunthira, matumba akukwezedwa m'galimoto, inu mwini mutaima pambali. Kavidiyo ka masekondi 20 kojambulidwa motero kamakhulupirika kuposa chithunzi chokongola chopangidwa ndi kompyuta. Masiku ano zithunzi za AI zadzaza paliponse, mbale zonyezimira, nthunzi yabodza, manja osalala a munthu amene sanagwirepo mthiko. Anthu ayamba kuzizindikira, ndipo akazindikira amakayikiranso katundu yemwe. Malonda ndi m'maso, koma maso aone chenicheni.

Pali chinthu chimene Kilombero ali nacho chimene foni siingatumize, ndicho fungo. Loweruka la kumapeto a mwezi, ogwira ntchito atalandira, yatsani mbaula pakhomo pa shopu, phikani mpoto umodzi, konzani nyemba pang'ono, odutsa azilawa m'timbale toyera. Pambali pakhale timatumba ta kilogalamu imodzi toti munthu agule pomwepo fungo likadali m'mphuno. Mpunga umene muphike tsiku limenelo sungafike n'komwe pa mtengo wa kavidiyo, ndipo amene alawa ndi anthu oyenda pansi m'dera lanu lomwelo, amene mawa adutsanso.

Aliyense amene walawa kapena kugula, mupempheni asunge nambala yanu, inunso musunge yake. Ambiri sadziwa kuti status ya WhatsApp imaoneka kwa munthu pokhapokha nonse awiri mwasungirana nambala. N'chimodzimodzinso broadcast, njira ya WhatsApp yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi: imalola anthu 256 pa mndandanda umodzi, koma uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Ndiye anthu amene mwasungirana nawo nambala ndiwo wailesi yanu, ndipo simulipira kanthu kupatula bandulo. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, muikemo zithunzi za katundu ndi mitengo, nthawi yotsegulira ndi malo. Status imatha pakapita maola 24, choncho ikani kamodzi m'mawa ndi kamodzi madzulo, osati zithunzi 30 nthawi imodzi zimene anthu amangodumpha. Ndipo chonde musamalowetse anthu m'gulu lanu la malonda asanavomere. Palibe chimene chimakwiyitsa kasitomala ngati kudzuka n'kupeza ali m'gulu limene sanapemphe, nambala yake ikuonedwa ndi anthu osawadziwa.

Pa nkhani ya mtengo ndilankhula mosabisa, chifukwa chizolowezi cha "mtengo ku inbox" chikupha malonda a anthu ambiri. Wogula akaona kuti mtengo wabisidwa amaganiza kuti mukufuna kumuyeza kaye n'kumutchulira wokwera, ndiye amangopitirira. Lembani mtengo poyera, lembani ndi tsiku. Ndikudziwa kuti mitengo sikukhazikika, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. N'chifukwa chake pa chikwangwani chopenta musalembepo mtengo, lembanipo dzina, lonjezo ndi nambala basi. Mtengo ukhale pa bolodi la choko pakhomo ndi pa status, pamene mungasinthe m'mawa uliwonse. Malo muwafotokoze momwe timafotokozera kuno, potchula tchalitchi, chigayo kapena siteji imene wa kabaza aliyense akuidziwa. Manambala a Airtel Money ndi Mpamba onse awiri akhalepo, munthu asalephere kugula chifukwa choti ndalama zake zili ku foni inayo.

Chikwangwani chikakhala cha m'mbali mwa msewu, pitani kaye ku khonsolo ya mzinda mukafunse za chilolezo ndi malipiro ake, kuopa kudzapeza chazulidwa.

Chaka cha Mzuzu chili ndi kayendedwe kakekake, ndipo wotsatsa wanzeru amayenda nako. Mu January anthu alibe ndalama, fizi ndi feteleza zawamaliza, ndiye kankhani timatumba ting'onoting'ono. Msika wa fodya ukatsegulidwa, alimi a ku Rumphi ndi ku Mzimba amabwera mumzinda ali ndi ndalama m'thumba, ndipo anthu amenewa mungawapeze pa wailesi mosavuta kuposa pa TikTok. June ndi July kuno kumazizira zenizeni, tiyi amamwedwa kwambiri, imeneyo ndi nyengo ya uchi wanu. Kukayamba kutentha, zinkhoswe ndi maukwati zimachulukana mpaka December, kenako Khirisimasi, imene m'makomo ambiri siipita popanda mpunga. Magulu ambiri a banki mkhonde amagawana ndalama kumapeto kwa chaka. Pitani pa tsiku lawo lokumana mwezi wa November, muwapatse mtengo wa gulu ngati atenga matumba angapo pamodzi. Amayi a Umanyano ndi magulu ena a kutchalitchi nawonso amaphikira misonkhano ikuluikulu.

Amene ndikufuna muwasake mwapadera ndi amayi ophika pa maukwati, a malo odyera ndi a malo ogona alendo. Mmodzi wa iwo akakukhulupirirani amagula mwezi ndi mwezi, ndipo mpunga ukakoma pa ukwati anthu amafunsa kumene wachokera. Apatseni kilogalamu imodzi yaulere m'thumba lokhala ndi sitika yanu, pakapita masiku ochepa muwaimbire foni kuti mumve momwe unaphikikira. Musatumize mwana, pitani nokha. Ku Luwinga kuli yunivesite ya Mzuni ndi chipatala chachikulu, kumene kuli ogwira ntchito ambiri amene alibe nthawi yoyenda mumsika. Kwa iwo, nkhani si mtengo wokha koma kuwafikitsira katundu pa geti.

Palinso msika wina umene ambiri amauphonya: apaulendo. Munthu wochoka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre nthawi zambiri abale amamutuma mpunga wa ku mpoto. Lachinayi madzulo ikani pa status kuti amene akukwera basi mawa muwabweretsera thumba lomanga bwino ku depoti basi isananyamuke. Pezani akabaza awiri kapena atatu odalirika, muwasokere zovala zonyezimira zija zolembedwa dzina la shopu ndi nambala kumbuyo. Iwo apeza ntchito yonyamula katundu wanu, inu dzina lanu lizizungulira Katoto, Mchengautuwa ndi Masasa tsiku lonse. Koma sankhani oyendetsa mosamala, chifukwa akayendetsa mwachipongwe anthu adzawerenga dzina lanu ali okwiya.

Za wailesi tsono. Kuno tili ndi Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane, kuwonjezera pa MBC, Zodiak ndi Times zimene zimamveka dziko lonse. Pa ndalama zanu, yambani ndi za konkuno. Pitani mukapemphe mndandanda wa mitengo, ndipo sankhani uthenga waufupi woti uzimveka nthawi yomweyomweyo kwa masiku ambiri, osati pulogalamu yaitali ya tsiku limodzi. Uthengawo ukhale m'Chitumbuka, woyankhulidwa ndi munthu woyamwira chiyankhulocho, amene angaunene mwa iye yekha osati kumasulira liwu ndi liwu kuchokera pa pepala lanu. Nambala itchulidwe kawiri, pang'onopang'ono.

Facebook yolipira imagwira ntchito ngati mwasankha Mzuzu ndi madera oyandikira okha, n'kuika batani lopita ku WhatsApp. Imafuna khadi la ku banki lotha kulipira kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja makhadi nthawi zina amakana. Mukayesa, yesani ndi zochepa. Mipikisano ya "like, share, tag anzanu asanu" ine sindiikonda, imasonkhanitsa ofuna zaulere amene amabalalika mphoto ikangotuluka. Komanso mpikisano wochita mayere uli ndi malamulo ake, funsani ku Malawi Gaming and Lotteries Authority musanalengeze.

Pa uchi samalani ndi pakamwa. Musalembe kuti umachiza shuga, BP kapena zilonda zam'mimba, ngakhale ena akulemba. Wodwala akhoza kusiya mankhwala chifukwa cha mawu anu, ndipo imeneyo si nkhani yamasewera. Competition and Fair Trading Commission imalandira madandaulo a otsatsa mwachinyengo, kuphatikizapo kunama kuti mtengo watsitsidwa pamene sunakhalepo wokwera. Nenani zoona zokha: kumene uchiwo wachokera ndi kuti simunathiremo kanthu. Ngati mukulakalaka kudzalowa m'mashopu akuluakulu, yambani kufufuza za chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, chifukwa kumeneko adzachifunsa.

Ndikanakhala ine, gawo lalikulu la K200,000 likanapita ku masitika, matumba abwino ndi chikwangwani, chifukwa zimenezi zimatsala. Gawo lachiwiri ku mpunga wolawitsa ndi wopatsa ophika aja. Kenako zovala za akabaza ndi bandulo, ndipo yotsala ndikanayesera wailesi imodzi nyengo ya fodya kapena chakumapeto kwa chaka. Pafupifupi K30,000 ndikanaisiya osaikhudza mpaka nditaona njira imene ikubweretsa anthu.

Kuti muone zimenezo, gulani kope. Aliyense wogula koyamba mumufunse kuti, "Mwamva kuti za ife?" n'kulemba yankho, tsiku ndi zimene wagula. Pa wailesi onjezani kuti amene anene kuti wamva pa wailesi alandira kapu imodzi ya mpunga yowonjezera, kuti owerengeka asasokonekere ndi ena. Amene akuthandizani pa shopu nayenso azifunsa funso lomweli inu mukachoka. Pakatha miyezi iwiri werengani mizere ya m'kopemo, muone ngati ambiri akutchula status, wailesi, kabaza, tsiku lolawa lija kapena mnzawo, ndipo K30,000 ija muiike pa njira imene yatchulidwa kwambiri.