Kulemba mayina pa matambula a ukwati: yankho kwa mayi wa ku Area 25

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Mng'ono wawo akukwatiwa mu Julayi, ndipo iwo akufuna kulemba mayina a akwatiwo pa matambula 40 oti adzagawire ankhoswe ndi a komiti. Anaona pa Facebook anthu akupaka etching cream pa galasi, kenako n'kutuluka zilembo zoyera ngati nkhungu. Akufunsa ngati zilembozo sizifufutika potsuka, ngati mankhwalawo si oopsa, komanso ngati angathe kupanga okha pakhomo.

Achemwali, mungathe ndithu. Koma choyamba dziwani kuti kirimu ameneyu si penti. Penti imangokhala pamwamba, pamene iye amadya galasi lenilenilo. Muli mankhwala a fluoride, makamaka ammonium bifluoride, amene amasungunula silica yomwe galasi amapangira. Pamene wakhudza pamasanduka pokhakhala pang'ono, kuwala sikudutsanso bwino, n'chifukwa chake pamaoneka poyera. Ndiye kutsuka musadandaule nako: sopo, madzi otentha, ngakhale zaka zingati, dzinalo lilipobe. Ubwino womwewo ndiwonso vuto lake, chifukwa kirimu akadontha posayenera, chipsera chimenecho chakhala basi.

Si galasi lililonse limene limalola. Matambula wamba ogula m'masitolo, mabotolo a zakumwa ndi a jamu, amenewa amadyeka bwino. Mbale zagalasi zolowa mu uvuni zambiri ndi za borosilicate, mtundu wa galasi lopirira kutentha, ndipo kirimu amangotsetsereka osasiya kanthu kooneka. Musanagule matambula onse 40, gulani imodzi muyesere pansi pake.

Ntchito yeniyeni ili pa sitika imene mumamata pa tambula kuti kirimu adye pokhapo pamene paboola zilembo. Kupaka kirimu ndi mphindi zochepa, koma kukongola kapena kunyansa kwa tambula kumachokera pa mmene mwadulira ndi kumata. Ine ndingakulangizeni kuti musadzivutitse ndi lezala pa matambula ochuluka chonchi. Pitani kwa anthu odula masitika a maminibasi ndi zikwangwani, ku Old Town aliko ambiri, muwauze kuti mukufuna vinyl yodulidwa pa makina. Muwafotokozere bwino kuti achotse zilembozo n'kusiya zozungulira, chifukwa iwo anazolowera kusiya zilembo n'kutaya zinazo. Awasiyenso timitima ta mkati mwa A, O, D, B ndi R. Kamtima kamodzi kakasowa, O amasanduka dontho lalikulu loyera.

Sankhani zilembo zonenepa, zosapiringizika. Zilembo zopyapyala za pa makhadi a ukwati zimakongola pa pepala, koma pa tambula yozungulira sitika imachita makwinya, ndipo kirimu amalowa pansi pa khwinya lililonse. Ndikanakhala ine ndikanalemba zilembo zoyamba za mayina awiriwo ndi tsiku la ukwati, osati dzina lonse kuzungulira tambula. Pewaninso zithunzi zazikulu zodzaza, monga mtima waukulu, poti malo aakulu amatuluka mawangamawanga.

Musanamate, tsukani tambula ndi sopo, iume, kenako muipukute ndi sipiriti uja wa pepo. Mafuta a zala amalepheretsa sitika kugwira komanso kirimu kudya mofanana, choncho mukapukuta musagwirenso pamenepo. Matani kuyambira pakati kupita m'mbali, mukhutize m'mphepete mwa chilembo chilichonse ndi khadi la banki lakale kufikira pasakhale kampata. Zungulizani masking tape m'mbali mwa sitika kuti malo otetezeka akule. Lembani kunja kwa tambula, ndipo mutalikire pamene pamafika milomo.

Tsopano za chitetezo, ndipo apa ndikupemphani musathamange. Fluoride sawotcha ngati madzi otentha. Amalowa m'khungu n'kukagwira kashiamu wa m'thupi, ndipo ululu ukhoza kubwera patapita maola, munthu akuganiza kuti palibe chachitika. Valani magolovesi a nitrile osabooka, magalasi otchinga maso, ndi malaya a manja aatali. Gwirirani pakhonde pamene pakupita mphepo, ana ndi ziweto zili kutali, ndipo musabereke mwana kumbuyo. Kirimu akakudontherani, tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala ngakhale musakumva kupweteka. Akalowa m'maso kapena mwana akanyambita, thamangani ku Kamuzu Central kapena chipatala chapafupi mutanyamula botololo, kuti adokotala awerenge zimene zilimo. Mankhwala amene amapaka pa chilonda chotere ndi calcium gluconate. Botolo lizikhala pokhoma, ndipo musathire kirimu m'kabotolo ka mafuta odzola kapena ka chakudya.

Popaka, musapake mopyapyala ngati batala pa buledi. Unjikani ndi kaburashi kufikira galasi lisaonekere pansi, muzimusunthasuntha pang'ono kuti afike ngodya zonse. Nthawi yake tsatirani zolembedwa pa botolo. Pa Armour Etch, mtundu wa kirimu umene ndi wodziwika kwambiri, ndi mphindi zochepa chabe. Kumusiya theka la ola sikuzamitsa chilembo, kumangopatsa kirimu mpata wolowa pansi pa sitika. Nthawi ikakwana, palani wotsalayo mubwezere m'botolo, amagwiranso ntchito. Botolo laling'ono limafika patali chifukwa cha zimenezi.

Tsukirani m'beseni la pulasitiki kapena pa mpopi wa panja, magolovesi akadali m'manja. Sinki yoyera ya kubafa ndi matailosi zili ndi chikuto chagalasi, ndipo kirimu amachidyanso n'kuchotsa kunyezimira. Matulani sitika madzi akuyenda. Tambula ikanyowa chilembo chimaoneka ngati chazimirira, musade nkhawa, chimabwera ikauma.

Popeza ukwati ndi wa mu Julayi, kumbukirani kuzizira kwa Lilongwe. Kirimu amafuna kutentha kopitirira madigiri 18, ndipo akazizidwa amachita timibulu n'kudya mosafanana. Gwirani ntchitoyi masana dzuwa litakwera, ndipo ngati botolo lazizira, liikeni lotseka m'madzi ofunda kenako mutakase bwino.

Ngati mukuitanitsa kwa abale a ku Johannesburg, awatumize ndi obweretsa katundu pamsewu, chifukwa mankhwala odya zinthu ngati amenewa saloledwa m'chikwama cha m'ndege. Itanitsani msanga, ndipo mudulitse masitika 50 m'malo mwa 40. Ena aja muyambe nawo pa mabotolo a jamu, dzanja likazolowera ndiye mutenge matambula a mng'ono wanu.