Amenewo ndi mavu osaka akangaude

Achimwene, chithunzi mwatumiza chija, chofunsa kuti tizilombo tokoka kangaudeto n'tichiyani, chandidzutsira mkwiyo wakale. Mavu akuluakulu akuda, a mapiko ofiirirawo, ndi a banja la Pompilidae, mwina a mtundu wa Hemipepsis. Wamkazi amaluma kangaude mpaka kumuumitsa ziwalo koma osamupha, n'kumukokera kuuna chafutambuyo, kenako amaikira dzira limodzi pathupi pake. Mphutsi ikaswa imadya kangaudeyo ali moyo.

Ine ndinawapeza ku Senga Bay, kuseri kwa nyumba ya alamu anga, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ndinagona chafufumimba pamchenga wootcha, foni m'manja, mavu akuguza chikangaude chonenepa kuwaposa, akaima n'kumagwedeza mapiko mwachangu. Ndinali nditawauza alamuwo kuti aime patali. Ndinangomva phwaa! Patapata. Anaphonya, mavu aja n'kulowa m'malaya mwanga cha kukhwapa. Abale inu, ululu wake ngati msomali wochokera pamoto. Ndinakuwa, mkono wonse dzanzi, thukuta kamukamu, foni uko mumchenga, galasi la kamera litakandika. Iwo kuseka mpaka kugwira nthiti, ati "alamu, munthu wa ndevu zanu kugonera pansi tizilombo?" Kupepesa ayi ndithu, yokonzetsera foni ku Salima ndinatulutsa ndekha, kangaude uja inatola nkhuku. Anthu ena chilichonse chouluka ndi chofunika kupha basi.

Komatu mavu amenewa si aukali, sathamangitsa munthu ngati aja omanga zisa pakhonde. Amaluma akapanikizika, ndipo amphongo alibe n'komwe mbola. Musawayandikire kwambiri, koma chithunzi chakutali ngati chanuchi sichithandiza, ndiye sunthirani pafupi pang'onopang'ono, mthunzi wanu usawagwere. Pezani cham'mbali, china chapamwamba choonetsa mitsempha ya m'mapiko, chifukwa akatswiri amasiyanitsira pamenepo, ndi china cha tinyanga, poti aakazi ambiri timakhala topiringizika. Mukaona wina woonda wokhala ndi ulusi wautali kumbuyo, nthawi zambiri ndi wa banja la Ichneumonidae, ulusiwo ndi woikira mazira.

Ikani zithunzizo pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amathandizana kuzindikira zamoyo, pamodzi ndi malo ndi tsiku, kapena yerekezani ndi za pa WaspWeb, tsamba la mavu la nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Iziko ku Cape Town. Ambiri amangofika pa dzina la banja, musakhumudwe. Yesani kujambula m'mawa kusanatenthe, mavuwa sakhala ndi liwiro.