Chomwe chinagwetsa ufumu wa Avisigoti ku Spain

Achimwene, anthu amati ufumu wa Avisigoti, mtundu wa Chijeremani womwe unkalamulira Spain, unagwetsedwa ndi Tariq ibn Ziyad, mkulu wa asilikali achisilamu ochokera kumpoto kwa Africa, koma asilikali akewo sanaugwetse okha ufumuwu ayi. Anaupeza utang'ambika kale pakati pa mafumu awiri. Mfumu Wittiza itachoka pampando cha m'ma 710, Roderic analanda ufumu ku likulu la Toledo, koma chigawo cha kumpoto chakum'mawa chinkagwadira Achila.

Umboni wogwirika ndi ndalama zagolide zomwe ankasula. Za Roderic zinasulidwa ku Toledo ndi ku Egitania, komwe lero ndi ku Portugal, pomwe za Achila zinachokera ku Narbonne, Girona, Tarragona ndi Zaragoza. Aliyense anali ndi dera lakelake.

Gwero la vutoli linali kasankhidwe ka mfumu. Msonkhano wa ku Toledo wa mu 633 unagamula kuti mfumu izisankhidwa ndi akuluakulu a dziko pamodzi ndi mabishopu, motero banja lililonse lamphamvu linkauyang'ana mpandowo ndi diso lofiira. Roderic atagonja kwa Tariq pa nkhondo ya Guadalete mu 711, panalibe wolowa m'malo woti onse amuvomere, ndipo Toledo inagwa msangamsanga. Musa ibn Nusayr, bwana wake wa Tariq, anafika ndi gulu lina la asilikali mu 712. Mbali ya Achila inapirirabe pansi pa Ardo, yemwe analowa m'malo mwake, mpaka cha m'ma 720, Narbonne italandidwa.

Nkhani yoti Julian, mkulu wa mzinda wa Ceuta, anathandiza asilikali a Tariq pobwezera Roderic chifukwa chomuchitira chipongwe mwana wake wamkazi musaikhulupirire kwambiri, inalembedwa patapita zaka zambiri. Ngati mukulemba pepala la kusukulu, onanani ndi mphunzitsi wa mbiri yakale, chifukwa mabuku amasiyana pa zaka za mafumuwa.