Kwa achemwali ofuna kulowetsa payi pa mpikisano wa ku county fair

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati anzanu a kutchalitchi kuno kumpoto kwa Indiana akukulimbikitsani kuti mulowetse payi pa mpikisano wa ku county fair, chionetsero cha zaulimi ndi zophikaphika cha m'dera lanu, ya mu Julayi, koma payi wanu wa maapozi amatuluka ponyowa pansi, m'mbalimu muli gwa, ndiye mukufunsa ngati kungakhale bwino kupanga wa mango kapena wa mbatata kuti asiyane ndi a ena. Ena ayankha kale za kukongoletsa pamwamba ndi timasamba ndi timaluwa. Ine ndikuti zimenezo ziyambe zadikira. Woweruza amadula kachidutswa kamodzi, n'kukanyamula, n'kukapendeka kuti aone pansi pake. Pakakhala poyera, posapsa, nkhani yathera pomwepo, ngakhale pamwamba mutajambulapo mapu a Malawi.

Musanagule n'komwe fulawa, pezani kabuku ka malamulo a fair yanuyo, kamene amati premium book. Ngati simukukapeza pa intaneti, imbani ku ofesi ya alangizi a yunivesite ya Purdue, yotchedwa Purdue Extension, ya m'county mwanu, poti m'macounty onse 92 a Indiana muli ofesi yawo. Gawo la 4-H ndi la ana ndi achinyamata. Inu muyang'ane pamene alemba open class, gawo limene akuluakulu amaloledwa kupikisana. Werengani modekha, chifukwa anthu ambiri amagwa asanalawidwe n'komwe payi wawo. Mafair ambiri amakana crust (mtanda wokutira payi uja) yogula kusitolo ndiponso zipatso za m'chitini zothira kale shuga. Ambiri amafuna kuti payi abwere m'mbale ya foyilo yotaya, chifukwa mbale sabweza. Ena amafuna mulembe kaphikidwe konse pakhadi, koma dzina lanu lisaoneke paliponse, pakhale nambala yokha. Ndipo kulembetsa kwina kumatsekedwa kukadali milungu kuti fair iyambe.

M'kabuku momwemo ndi mmene muli yankho la mbatata. Payi wa mbatata amalowa mazira ndi mkaka, choncho amafuna furiji, ndipo mafair ambiri salandira payi wotere chifukwa amakhala pathebulo m'holo yotentha tsiku lonse. Lamulo lomweli m'malo ena limatsekereza ngakhale sugar cream pie, amene anthu a ku Indiana amanyadira kuti ndi wawo. Wa mango angathe kulowa ngati pali gawo la zipatso zina. Koma kunena zoona, mango ambiri a m'masitolo akuno ndi a mtundu wa Tommy Atkins, othyoledwa osapsa, aulusi, opanda fungo lija timalidziwa ife. Ang'onoang'ono achikasu ochokera ku Mexico, a Ataulfo, ndi abwinoko, ngakhale amafuna madzi a ndimu ambiri kuti asangokhala tseketseke. Vuto lina n'lakuti woweruza ali ndi muyeso m'mutu wa mmene payi wa maapozi kapena wa matcheri ayenera kukhalira, pamene wa mango mwina sanamulawepo. Chaka choyamba chino ine ndingakonde mupikisane pa bwalo limene malamulo ake akudziwika.

Ndipo ndikadakhala inu, maapozi ndikadawasiya. Mu Julayi maapozi ambiri abwino ophikira amakhala asanakhwime kuno. Amene ali m'sitolo ndi osungidwa m'zipinda zozizira kuyambira chaka chatha, kapena achokera kutali monga ku Chile ndi ku New Zealand. Pamene Julayi yemweyo ndi mwezi wa matcheri owawasa a Montmorency, ndipo Michigan, amene amalima gawo lalikulu la matcheri amenewa mu America muno, ali pakhomo panu pomwepa. Nyengo yake ndi yaifupi, milungu yowerengeka basi, koma oumitsa mufiriza amagwiranso ntchito bwino ngati malamulo akulola. Musasokoneze ndi akuda otsekemera aja timadya osaphika. Amenewo mu payi amazirala.

Tsopano crust, poti apa ndi pamene pagona nkhani. Ife tinakulira kukanda. Mandasi timakanda, buledi timakanda mpaka mikono kuwawa, ndipo manja athu anazolowera kuti mtanda wabwino ndi wosalala, wotanuka. Pa payi chizolowezi chimenechi ndiye mdani wanu. Fulawa akakumana ndi madzi n'kumakandidwa amapanga gluten, kaulimbo kamene kamachititsa buledi kukhala wokoka. Mu payi gluten akachuluka ndiye kuuma mukudandaulaku, komanso mtanda umakhwinyata n'kutsika m'mbali mwa mbale ukangolowa mu uvuni.

Pa mbale ya mainchesi 9, ya crust pansi ndi pamwamba, tengani fulawa wa all-purpose magalamu 320, osati wothira kale zotupitsa. Batala magalamu 225, amene ndi ma stick awiri akunowa. Mchere supuni yaing'ono imodzi, shuga supuni yaikulu imodzi, madzi ozizira zedi masupuni aakulu 6 mpaka 8. Gulani sikelo, si yodula. Kapu imodzi ya fulawa ingakhale magalamu 120 lero, mawa n'kukhala 150, malinga ndi mmene mwatapira, ndiye mumangodabwa kuti bwanji payi wa dzulo anali bwino koma wa lero wauma.

Batala mumudule timabokosi, mumuike mufiriza mphindi 15. Kenako muzimufikisa mu fulawa ndi nsonga za zala, mofulumira, koma musamumalize. Pakhale tizidutswa ta batala tooneka ndi maso, tina tokula ngati nsawawa. Chifukwa chake ndi ichi: mu batala muli madzi pang'ono, ndipo tizidutswa tija tikakumana ndi moto wa uvuni madziwo amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kumakweza mtanda m'timagawo topyapyala. Ndi timagawo timeneti timene timayoyoka woweruza akalasa ndi foloko. Batala akasungunukira m'manja mwanu asanalowe mu uvuni, timagawo sitikhalapo, mumangotulutsa chinthu chamafuta cholimba. Julayi wa ku Indiana mukumudziwa mmene amatenthera ndi chinyezi chake chija, choncho gwirani ntchitoyi m'mamawa kapena usiku, ndipo mukaona batala wayamba kufewa, bwezerani mbale yonse mufuriji, mupume kaye. Majarini wofewa wa m'kontena, wopaka pa buledi uja, asayandikire n'komwe. Madzi ake ndi ochuluka.

Amayi ambiri a chi Amish, Akhristu okhala moyo wachikale aja, a cha ku Shipshewana ndi Middlebury kumpoto kwa Indiana konkuno, amene mapayi awo anthu amachita kuwayendera mtunda, amagwiritsa ntchito mafuta a nkhumba, ndipo crust yawo imayoyoka mochititsa kaso. Ena amakonda Crisco, amene ndi wa mafuta a zomera ndipo sasungunuka msanga, choncho mapindo a m'mphepete amakhalabe ooneka payi akapsa. Koma Crisco alibe kukoma kulikonse. Ine ndimaika magawo atatu batala, gawo limodzi Crisco, kuti ndipeze fungo la batala komanso m'mphepete mosagwa.

Madzi muzithira supuni imodziimodzi, mukutembenuza ndi foloko. Mukafinya kamtanda m'dzanja n'kugwirana, lekani kuthira, ngakhale m'mbalemo mukuoneka ngati mwatsala tofumbutuka. Sonkhanitsani, gawani pawiri, phwatalitsani, kulungani m'pulasitiki, ikani mufuriji ola limodzi kapena usiku wonse. Potambasula yambirani pakati kupita kunja, mukuzunguza mtandawo, mpaka upyapyale ngati mamilimita 3. Pouika m'mbale muugoneke, musaukoke, chifukwa wokokedwa umabwerera. Mukatero ubwezereninso mufuriji pamene mukukonza zam'kati.

Zam'kati za matcheri n'zosavuta: matcheri ochotsa nthanga magalamu 800, shuga magalamu 200, ufa wa tapioca magalamu 40, kamchere pang'ono, ndi timadontho ta almond extract, osapitirira kota ya supuni yaing'ono chifukwa ndi waukali. Tapioca musamuope, ndi chinangwa chathu chomwechi, angochotsamo sitachi yake. Amagwira madzi a zipatso n'kuwasiya owala, ofiira bwino, pamene fulawa amawachititsa mbuu. Nthanga muzifufuze kawiri. Woweruza akaluma nthanga, malikisi anu apita.

Ngati mtima wanu uli pa maapozi basi, sakanizani mitundu iwiri: Granny Smith wowawasa ndi wolimba, ndi Honeycrisp kapena Golden Delicious wotsekemera. McIntosh amasungunuka n'kukhala phala, Red Delicious akaphikidwa alibe kukoma. Adulenitu mofanana, muwathire shuga, sinamoni, mchere ndi madzi a ndimu, muwasiye akhe madzi kwa theka la ola kapena ola. Madziwo muwatsanulire m'kapoto, muwiritse mpaka achite manyuchi, kenako muwabwezere ku maapozi pamodzi ndi masupuni awiri a cornstarch, sitachi ya chimanga. Mwatero mwachotsa madzi amene akadanyowetsa pansi, komanso maapozi afota kale, ndiye simudzapeza phanga pakati pa zipatso ndi crust ya pamwamba, limene oweruza amaliona msanga. Sinamoni akhale wapang'ono. Anthu ambiri amathira mpaka apoziyo osamvekanso.

Pamwamba, kaya muluka timizere kaya muvundikira ponse, pakhale potulukira nthunzi. Mukavundikira ponse bowolani malo anayi kapena asanu ndi mpeni. Pakani dzira lomenya ndi madzi pang'ono kuti pawale, basi.

Kunyowa kwa pansi kuja, mbali yaikulu ndi moto. Mbale ya foyilo ndi yonyezimira, imabweza kutentha m'malo mokulowetsa, ndiye ngati malamulo akuti foyilo, muziyeserera m'mbale yomweyo, osati ya galasi imene munaizolowera. Ikani thireyi yachitsulo pa shelefu ya pansi kwenikweni mu uvuni, itenthe pamodzi ndi uvuniyo mpaka madigiri 425 Fahrenheit, amene ndi pafupifupi 220 Celsius. Payi atuluke mufuriji n'kukhala pa thireyi yotenthayo mwachindunji, kuti pansi payambe kupsa madzi a zipatso asanalowerere. Pakatha mphindi 20 tsitsani moto kufika 375, mupitirize mphindi zina 35 mpaka 45, mwinanso kuposerapo. M'mphepete mukayamba kuda msanga, phimbanimo ndi kafoyilo. Ndipo musamutulutse chifukwa koloko yalira. Dikirani mpaka madzi a zipatso aziwira pakati penipeni, thovu lake lokhuthala, lophulika pang'onopang'ono. Tapioca ndi cornstarch sizigwira mpaka zitawira, choncho payi wowira m'mbali mokha adzayenderera pa mbale ya woweruza. Ambiri timaopa kupsereza n'kutulutsa payi ali wotuwa. Crust yofiirira bwino ndiye yokoma. Ngati simukukhulupirira uvuni wanu, kathemomita ka mu uvuni n'kotchipa, ndipo mauvuni ambiri a m'nyumba zalendi amanama.

Akapsa, muikeni pa waya kuti mphepo izidutsa pansi, maola osachepera anayi, osavundikira. Pulasitiki pa payi wofunda imabweza nthunzi n'kufewetsa ntchito yanu yonse, ndipo furiji nayo imachotsa kukhukhuluka kwa crust. Ngati amalandira m'mawa, phikani madzulo a dzulo lake. Phikani awiri, mudzasankhe wooneka bwino. Ponyamula muikeni m'katoni yoyala thawulo, pansi pa galimoto pamene pali poyalana, osati pampando popeza ndi popendekeka, ndipo muyatse AC.

Za mphoto musayembekezere zambiri, ndi timadola towerengeka, mwina tosakwana n'komwe batala amene mwagula. Chimene anthu amalimbirana ndi riboni: yabuluu woyamba, yofiira wachiwiri, yoyera wachitatu, ndipo yapepo nthawi zambiri ndi ya amene waposa magawo onse. M'malo ena mapayi akaweruzidwa amagulitsidwa pa okushoni kuti ndalama zithandize ntchito za fair. Ngati kwanuko amalola anthu kuonerera poweruza, pitani mukakhale kutsogolo, chifukwa oweruza ena amalankhula mokweza chimene apeza pa payi aliyense, ndipo mumaphunzira ngakhale pa a anzanu. Ngati salola, funsani khadi la ndemanga potenga riboni. Zikakuyenderani bwino n'kufuna kukayesa ku Indiana State Fair ku Indianapolis mu Ogasiti, dziwani kuti kumeneko kuli kabuku kake ka malamulo ndi tsiku lake lotsekera kulembetsa, ndiye mukaone msanga, chifukwa lingathe kufika county fair yanu isanachitike n'komwe.